Tsamba la Njovu Lonunkha Vitumbuwa

Zaka zanga zinali khumi ndi zitatu pamene ndinafika giredi 6 pa kasukulu kathu ka m'dera la Malama. Kasukuluko kankathera pomwepo. Wofuna giredi 7 ankayenera kupita ku sukulu yaikulu ya kutali, komwe ana ankagona konko n'kumabwera kwawo Lachisanu. Malo kumeneko anali ochepa, choncho aphunzitsi athu ankasankha ana ndi mayeso.

Kunyumba tinali atatu, amayi, ine ndi mng'ono wanga amene anali akadali kumsana. Makolo anga anatsika kuchokera ku Katete kudzafuna minda kuno kuchigwa, ndipo atate anamwalira amayi ali ndi pakati. Za sukulu amayi anandiuza kamodzi kokha, akutongola chimanga, osandiyang'ana.

"Esinati, dzina lako likatuluka, pita, za munda ndidzaona chochita. Likapanda kutuluka, usadzandivute mwanawe. Sindingathe ndekha anyani uku, njovu uku, mwana kumsana."

Amene ankatiphunzitsa Chingelezi anali Madamu Mulenga, ochokera ku Kitwe. Kutentha kwa kuno sanakuzolowere. Ankadzikupiza ndi chikuto cha buku tsiku lonse, ndipo Chinyanja chawo chinali cha m'tauni, chothamanga. Mabuku a Chingelezi tinalibe okwanira, ndipo ochepa amene analipo tinali titawaloweza kale. Mwezi wina atapita ku Mfuwe anagula vitumbuwa pamsika, ndipo wogulitsayo anawakulungira m'tsamba la buku. Madamu atadya anayamba kuwerenga tsambalo, kenako anabwerera kukapempha buku lonse. Mayi wogulitsayo anati analitola pamene panali msasa wa Matchaina okonza msewu, iwo atasamuka.

Bukulo linalibe chikuto, ndipo masamba ena anali ndi madontho a mafuta. Tsamba lililonse linali ndi nkhani yaifupi ya Chingelezi, pansi pake mafunso asanu, funso lililonse mayankho anayi oti usankhepo, A, B, C kapena D. Pamwamba ndi m'mbali munali tizilembo tawo tooneka ngati timanyumba ndi timipanda. Madamu anati bukulo ndi la ana a kusekondale ku China, nawonso Chingelezi amachita kuphunzira movutikira ngati ife.

"Madamu, nawonso akalakwa amakwapulidwa?" anafunsa Dailesi, mnzanga amene tinkakhala benchi imodzi.

"Iwe ukazapita kuja ukazafunse. Manje werenga."

Lamulo lawo linali limodzi, ndipo ankalinena mpaka tinatopa nalo. Yankho silili m'mutu mwako, lili m'nkhanimo. Tinawerenga za madzi oundana ogwa kumwamba ngati ufa, za nyumba zosanjikizana zokwera ndi makina, za munthu wina amene ankaweta njuchi padenga. Zonsezi sitinkazidziwa, ndiye tinkayendetsa chala mzere ndi mzere mpaka tipeze pamene yankho labisala. Ine ndinali wamanyazi, dzanja sindinkakweza, ndipo akanditchula dzina ndinkayankha ndi mawu aang'ono. Koma papepala ndinkakhoza. Madamu ankadziwa zimenezo, inenso ndinkadziwa.

Tsiku la mayeso kunatentha kuyambira m'mawa. Popeza buku linali limodzi, Madamu anadula masamba amene tinali tisanawerenge ndi lezala, n'kuwaika patebulo chozondotsa kuti aliyense atole lake. Dailesi atatembenuza lake anandigunda ndi chigongono.

"Mayo ine, sitima yoyenda pansi pa nthaka! Ya pamwamba yomwe ndinaionapo ine?"

Ine nditatembenuza langa ndinaona chithunzi cha njovu ndi mwana wake. Mtima unakhala pansi. Ndinati lero Mulungu wandikumbukira.

Njovu ndinkazidziwa kuposa Chingelezi. Masiku ambiri tinkafika kusukulu mochedwa chifukwa zinali zitaima panjira, ife titakhala pachulu kudikira kuti zichoke. Ndinkadziwa fungo la ndowe zake zatsopano, ndi phokoso la nthambi ikathyoka mosiyana ndi mphepo. Chaka chapitacho zinatiphwasulira nkhokwe, zinadya zimene zinadya, zotsala n'kuzipondaponda m'fumbi. Tinadya mango osapsa owiritsa mpaka mano anachita dzanzi. Ndipo a Mbewe, oyandikana nafe nyumba, njovu inawapeza pa njinga akuchokera kuchigayo. Amene anakawatola sanalole kuti akazi a malemuwo aone mtembo.

Ndinayamba kuwerenga. Mzere woyamba unati njovu ndi nyama yaikulu kuposa zonse za pamtunda. Ndinavomera. Wachiwiri unati ngakhale ndi yaikulu choncho, ndi nyama "gentle". Liwu limenelo Madamu anali atatiphunzitsa, anati ndi kufatsa, ngati kwa nkhosa. Ndinawerenganso kuti mwina ndalakwa. Mizere yotsatira inanena kuti njovu zimakonda ana awo, zimayenda mwaulemu, ndipo alendo amachokera kutali kudzazijambula. Makutu anga anatentha. Ndinachotsa chala pamzere, n'kudumphira pansi pa mafunso.

Funso loyamba linkafunsa kuti wolembayo akuti njovu ndi nyama yotani. Yankho lakuti yofatsa ndinaliona bwinobwino, linali pa B. Ndinasankha lakuti yoopsa. Lachiwiri linkafunsa chifukwa chimene alendo amakondera njovu, ndipo ndinasankha lililonse, chifukwa za alendo sizinandikhudze. Lachitatu linali la chakudya cha njovu. Panali udzu ndi masamba, panali nsomba, panali nyama, panali china chimene sindinachidziwe. Chimanga panalibe. Ndinakhala nthawi yaitali ndikuyang'ana funso limenelo. Pomaliza ndinalemba ndekha chilembo E pansi pa D, n'kulemba chimanga m'Chingelezi, ndikusindikiza pensulo mpaka pepala linaboola. Ndinafufuta ndi chala chamalovu, ndinalembanso. Chitsulo chimene chinali belu lathu chinalira ndisanafike pa mafunso awiri otsalawo.

Potuluka ndinali wokwiya, komanso ndinali ndi kamtima kodzikhulupirira. Ndinkaganiza kuti Madamu, poti nawonso amadikira njovu panjira ya kumjigo, adzaona kuti ndanena zoona.

Sabata yotsatira anawerenga mayina. La Dailesi linatuluka. Langa ayi. Anzanga atapita, Madamu anandiitana. Anali atavula nsapato pansi pa tebulo, maso ali ofiira ndi tulo. Anaika tsamba lija patsogolo panga n'kuloza pa E wanga.

"Esinati, ichi n'chani?"

"Chimanga, Madamu."

"Naona kuti ni chimanga. Nanga anakufunsa za njovu zako ndani?"

Ndinayang'ana pansi. Mawu anatuluka okha, aang'ono. "Koma ndi bodza, Madamu. Sizofatsa."

"Ine sin'nakufunse ngati ni zoona. Funso yati, uyu munthu wakamba chani. Ungamutsutse bwanji munthu ukalibe kumvera vamene akamba?" Anapuma, n'kudzikupiza pang'ono. "Unawerenga mpaka pansi?"

Ndinayang'ana kukhomo.

"Unawerenga mpaka pansi, iwe mwana?"

Ndinkangokanda benchi ndi chikhadabo. Sanandikalipire, sanandimenye. Anati malo atha, mayina apita kale kwa ahedi, ndipo sangachotse mwana amene wakhoza kuti aikepo amene akanakhoza. Kenako anapinda tsambalo n'kundipatsa.

"Tenga. Ni yako. Tsiku ina ukaiwerenge mpaka pamene yasilira."

Kunyumba amayi anamva nkhaniyo ali chilili ndi mtolo wa nkhuni pamutu. Anautula, anapukuta thukuta ndi nsonga ya chitenje.

"Chabwino. Mvula ikagwa utenge ndodo ndi chitini chija choopsezera anyani."

Analankhula zokhazo. Ndikanakonda akanandikalipira.

Mvula itagwa ndinayamba kukhala kumunda. Ntchito yake si yolemetsa, koma imatopetsa mtima. Umakhala m'kamsasa ka udzu kuyambira m'mawa, maso ali kumapeto kwa munda kumene anyani amatulukira. Akabwera umamenya chitini, umakuwa, umagenda, iwo amabwerera pang'ono n'kukhala pansi kukuyang'ana. Masana tinkaumba zidina za ndowe za njovu zosakaniza ndi tsabola, zoti zikauma tizifukiza m'mbali mwa munda kuti njovu zisalowe. Manja ankawawa tsiku lonse, ndipo ukaiwala n'kudzigwira m'maso unkalira. Lachisanu ndinkaona Dailesi akudutsa pamsewu ndi kachikwama, atavala yunifolomu ya sukulu yaikulu ija. Ankandibayibitsa. Inenso ndinkamubayibitsa, koma sindinkatuluka m'kamsasamo.

Tsamba lija ndinaliika m'kapulasitiki ka shuga n'kulisomeka mu udzu wa denga. Sindinkafuna kuliona. Kangapo ndinalitulutsa kuti ndikolezere moto, n'kulibwezanso.

Chimanga chitayamba kumasula, tsiku lina masana kunagwa mvula yamphamvu. Anyani anabisala, amayi anali atagona pamkeka ndi mwana, ndipo ine ndinalibe chochita. Ndinatulutsa tsambalo. Linali litafewa, fungo la mafuta a vitumbuwa likadalipo pang'ono. Ndinaika chala pamzere woyamba ngati kale. Nditafika pa liwu lija la kufatsa makutu anatenthanso, koma kunalibe kothawira, ndiye ndinapitirira.

Ndime yachiwiri inali ya alendo ndi magalimoto awo. Yachitatu inayamba ndi liwu loti koma. Mawu ena anali aatali, ndinawalumpha, koma ena ndinkawadziwa, alimi, minda, mantha, njala. Ndinawerenga kawiri, katatu. Wolembayo ankati kwa anthu olima pafupi ndi nkhalango njovu si nyama yojambula. Ankati banja likhoza kutaya chakudya cha chaka chonse njovu zikangodutsa kamodzi, ndipo anthu ena amafa. Mzere womaliza unati m'midzi ina ana amasiya sukulu kuti azilondera minda.

Ndinayang'ana mafunso awiri amene sindinawafike aja. Lachinayi linkafunsa chimene alimi amaopa. Lachisanu linkafunsa chifukwa chimene ana ena sapitira kusukulu. Mayankho ake sanafune n'komwe kuyendetsa chala. Ndiponso pa mafunso atatu oyamba aja, ndikanangonena zimene munthuyo ananena, palibe akanati ndagwirizana naye. Iye mwini anali asanamalize kulankhula.

Sindinalire. Ndinangomva thupi lonse kulemera, ngati ndasenza madzi mtunda wautali n'kupeza kuti ndowa ndi yobooka. Ndinagwedeza amayi phazi.

"Amayi, ku China akutidziwa."

"Ati chiyani?"

"Alemba apa kuti njovu zimatidyera chimanga. Alembanso kuti ana amasiya sukulu."

Amayi anadzuka pang'ono, anayang'ana pepalalo ngakhale sankadziwa kuwerenga, n'kugonanso.

"Ngati akutidziwa, uwauze abwere adzatimenyereko chitini. Mvula ikatha ukaone kumusi kuja, anyani sachedwa."

Chaka chotsatira Madamu Mulenga anasamutsidwa. Ndikanatha kubwereza giredi 6, koma mng'ono wanga anadwaladwala, munda unali womwewo, ndipo amayi anali atazolowera kuti kumunda tili awiri. Inenso sindinapemphe. Dailesi anafika mpaka giredi 9 ndi sitima yake ya pansi pa nthaka, ndipo lero amayala mabedi pa loji ina ku Mfuwe. Tikakumana pamsika timapatsana moni bwinobwino, amandigulira sopo, ndipo za sukulu sitikamba.

Nthawi zina ndimaganiza za mwana wa ku China amene anali mwini bukulo. Mwina iye anayankha onse asanu molondola, n'kutembenuza tsamba, osadziwa kuti mtsikana wa m'funso lachisanu alipodi, ndipo adzagwira pepala lomwelo. Sindimuda. Iye njovu sankazidziwa, ndiye anamvetsera mpaka kumapeto.

Tsopano ndili ndi mwana wanga, wa miyezi isanu ndi itatu, ndipo tulo ndimagona tochepa. Chimene ndinachimvetsa mochedwa n'chakuti makutu anga amatsekeka msanga pa nkhani zimene zinandipwetekapo, osati pa zimene sindizidziwa. Mwezi watha kusikelo anesi anayang'ana khadi la mwana n'kuyamba kunena kuti sakukwera, phala lokha silokwanira. Ndinamva kutentha m'makutu. Ndinafuna kumukoka mwana, kumubereka, ndizipita, chifukwa za njala palibe angandiphunzitse. Ndinagwira benchi ndi manja onse awiri, ndinakhala. Anesiwo analankhula za mazira ndi mkaka zimene ndilibe, ine ndili duu. Atasiya, ndinafunsa ndi mawu anga aang'ono omwe aja.

"Mwamaliza, anesi, kapena pali zina?"

Anandiyang'ana modabwa, n'kuseka pang'ono. Anati zilipo. Anandifunsa ngati ndili ndi nsinjiro ndi masamba a maungu. Ndinati ndili nazo. Anakoka mpando, n'kuyamba kundiuza mmene ndingachitire.