Kiyibodi Imene Inabweza Mawu a Amayi

Chaka chimenecho tsoka linamugwera kawiri mtsikana wina. Mayeso anamukana, ndipo asanapukute misozi, amayi ake anafa ziwalo mbali imodzi, pakamwa n'kutsekeka. Ankangomuyang'ana mwana wawoyo, milomo ikunjenjemera, mawu osatuluka. Palibe chinkamupweteka mtima kuposa chimenecho.

Amalume ake, okonza mawailesi, anabwera ndi kakompyuta kopanda chikuto, kokwana m'chikhatho, pamodzi ndi kiyibodi ya mabatani akuluakulu.

"Dzanja lamanzere la mlongo wangayu likugwirabe," anatero. "Azilemba zimene akufuna."

Koma kakompyutako kanali ndi makani ake. Mapulogalamu otchuka ankakalemera, choncho kankayenda ndi pulogalamu yachilendo imene amaidziwa ndi anthu owerengeka padziko. Atalowetsa kiyibodi ija pa USB, kagetsi kanayaka, koma pasikirini panali zii. Kiyibodi wamba inkagwira bwinobwino, kungoti timabatani take tinkachepera zala zonjenjemera za amayi.

"Aaa, yafa iyi, mphwanga. Tiitaye."

"Siinafe, amalume. Zangokhala kuti sizikumvana ndi kakompyutaka."

Pa kafoni kake kosweka galasi mtsikanayo anafufuza anthu a pulogalamuyo, n'kulemba funso mwamanyazi. Anamuyankha ndi bambo wina wopuma pantchito, wa kutali, amene mpaka lero sanamuonepo nkhope. Bamboyo sanamuseke. Anamuphunzitsa moleza mtima kuwerenga zimene chipangizo chimauza kompyuta chikangolowetsedwa.

Apo ndi pamene chinsinsi chinaululika. Kiyibodi ija inkadzitchula ngati zinthu ziwiri: poyamba mausi, kachipangizo kolozera pasikirini, kenako kiyibodi. Pulogalamuyo inkangomva choyambacho n'kutseka makutu.

Kudziwa matenda si kuchira. Miyezi inapita akukonza mizere ya malangizo a pulogalamuyo, kulakwitsa, kakompyuta n'kuzima, iye kuyambiranso. Ankasambitsa amayi, kuwadyetsa, n'kubwereranso patebulo. Walira mvula walira matope.

Tsiku lina masana anaika kiyibodi pamiyendo ya amayi. Chala chinayenda pang'onopang'ono, zilembo n'kuyamba kuoneka chimodzichimodzi: TIYI WACHEPA SHUGA.

Amalume anaseka mpaka kukhala pansi. "Miyezi yonseyi, mawu oyamba n'kukhala dandaulo!"

Mtsikanayo anagwada pambali pa mpando, kulira ndi kuseka pamodzi. "Pepani amayi, ndithira pompano!"

Koma chala chinali chisanamalize. Chinalembanso: ZIKOMO MWANANGA.

Zimene anakonzazo anazitumiza kwa bambo uja, ndipo zinalowa mu pulogalamuyo kuti aliyense azigwiritse ntchito. Lero amakonzera odwala ena zipangizo zolankhulira, ndipo sasiya kuthokoza amalume ake ndi mlendo amene anamuyankha.

Inu amene chinthu chakukanikani, musafulumire kunena kuti chafa. Funsani, yesaninso, musagwe mphwayi. Mwina pali wina amene akudikira inuyo kuti alankhule.