Dzanja Limene Ndinathowa

Pasukulu imene ndinayambira ntchito, kwa Mavwere, ana ankanditchula mphunzitsi wa chipidigoli, ndipo dzinalo ndinkalikonda. Ndinali mnyamata wongochoka kukoleji, wodzimva, nditaphunzirako pang'ono masewera opinda thupi: kuima ndi manja, kugudubuka, kudumpha n'kutembenuka m'mwamba. Ana akaweruka ndinkatsala ndi ochepa kuseri kwa kalasi. Matiresi ogwerapo tinalibe. Ndinasoka matumba a feteleza n'kuthiramo makoko a mtedza, ndipo nzeru imeneyi ndinkaiuza aliyense ngakhale asanandifunse.

Makoko ali ndi vuto lake. Akamagweredwa tsiku ndi tsiku amasanduka fumbi, thumba n'kuuma gwa ngati pansi. Atsopano amapezeka anthu akakumba mtedza, cha mu Meyi, pamene ife mpikisano wa sukulu za m'dera lathu unali mu Malichi. Ndinkadziwa bwinobwino kuti matumba atha. Ndinangoti tipirira.

Mwa ana onsewo, katswiri anali mtsikana wa sitandade sikisi, mwana wa matenanti ochokera ku Mulanje amene ankalima fodya pa esiteti yapafupi. Anali wochepa thupi, wosayankhulayankhula. Anzake akamathamangira kuchigafa kukasoka fodya, iye ankatsala nane, chifukwa ndinapita ndekha kukawapempha bambo ake, n'kuwalonjeza kuti mwana wawo ndimusamala.

Lachitatu lina anatembenuka m'mwamba n'kufikira dzanja lamanja pathumba louma lija. Ndinamva kuti thyo, ngati kamtengo kouma. Iye sanalire. Ndinagwiragwira pamkono, ndinati wangobinya, ndipo ndinachita zimene tonse kuno timachita munthu akabinya: ndinatenthetsa madzi, ndinamuthowa ndi kansalu, kenako ndinakoka dzanjalo kuti mitsempha ibwerere m'malo. Thukuta linangoti kamukamu, mlomo ataluma. Nditamufunsa ngati pakupweteka, anapukusa mutu.

Ndinamukhulupirira chifukwa ndinkafuna kumukhulupirira. Mlungu wonse ndinkamuthowa m'mawa, masana n'kumuimitsanso ndi manja, ndipo akagwa ndinkamukalipira kuti asiye ulesi. Mnzake wina ndiye anadzandiuza pambuyo pake kuti ankabisa ululu poopa kuti ndikamuchotsa pagulu abwerera kuchigafa.

Mayi ake anazindikira ataona kuti mwana akulephera kugwira ngakhale kapu ya madzi. Koma inali nthawi yothyola fodya, kapitawo wa pa esiteti sankalola munthu kuchoka, ndiye kuchipatala cha kuboma anakafika patapitanso milungu itatu. Kumeneko anawauza kuti fupa linathyoka, linasuntha, ndipo layamba kale kulumikizana mokhota. Nditamva, sindinafunse chimene chinalisuntha. Ndinali ndikuchidziwa.

Kumpikisano sitinapite. Matumba aja ndinawatentha padzala, osauza munthu chifukwa chake. Ndaphunzitsa ana ambirimbiri chichokereni kumeneko, ndipo mwana akagwa ndimamunyamula ndekha panjinga kupita naye kuchipatala ngakhale iye akukana, koma chisoni cha mtsikana uja sichinandichoke.

Fodya atagulitsidwa, banja lija linakonzeka kubwerera kwawo. Bambo ake anafika pakhomo panga m'mawa, mwana ali pambuyo, dzanja lopindika atalibisa m'nsalu. Mumtima ndinati lero ndinyozedwa, ndipo ndinkafunadi kuti andinyoze. Iwo anavula chipewa, ananjuta, n'kutulutsa nkhuku yomanga miyendo.

“Aphunzitsi, tabwera kudzatsanzika,” anatero. “Mwanayu watiuza kuti munkamuthowa tsiku lililonse ndi manja anu. Ena akanangomusiya. Mulungu akudalitseni.”

Ndinayang'ana mtsikanayo, iye n'kuyang'ana pansi. Zoti ndinakoka dzanja lothyoka, zoti ndinkamuimitsa nalo mlungu wathunthu, sanawauze. Ndinafuna kuulula, koma manyazi anandiletsa. Nkhukuyo ndinailandira ndi manja awiri, ndinati zikomo, muyende bwino.