Musagwetse Nyumba ya Abambo

Maganizo ochoka ndidawamanga ndili pakhonde la abambo ku Mchinji. Mwayi utapezeka wokaphunzira kasamalidwe ka nyumba zakale ku Glasgow, anzanga omanga nawo ku Lilongwe adandiseka mpaka misozi, ati munthu n'kukwera ndege kukaphunzira kumata ming'alu. Abambo sadaseke ayi. Adangomenya khoma ndi chikhatho n'kunena kuti ndipite, ndikabwerako ndidzawakonzere nyumba yawoyo chifukwa idayamba kuyasama pakona. Ndidalonjeza. Nyumbayo adaimanga okha ndisadabadwe, njerwa adaumba okha kudambo, ndipo pa zina zala zawo zinkaoneka bwinobwino.

Ku Glasgow ndidafikira ku Dennistoun, m'kachipinda kapamwamba m'nyumba yosanja ya miyala yofiira. Masitepe ake amwala adadyeka pakati ndi mapazi a anthu amene adafa kalekale. Mabanja ambirimbiri kulowera khomo limodzi, koma wogogoda kwa mnzake kupempha mchere, ayi ndithu. Ndidasungulumwa koopsa, ndisaname. Ndinkachita kumvetsera madzi akuyenda m'mapaipi a aneba kuti ndidziwe kuti m'nyumbamo muli anthu.

Nditamaliza sukulu ndidapeza ntchito kukampani ina yaing'ono yokonza nyumba zamiyala. Kapitawo wathu anali a Dougie, bambo wamfupi wolankhula ngati akukukuta chimanga chokazinga. Iwowo ndiwo adandiphunzitsa kuwerenga mzindawo pamakoma. Adati miyala yachikasu ndiyo yakale, idakumbidwa pafupi pomwepo. Itayamba kusowa anthu adatenga yofiira ya kum'mwera pa sitima, kenako utsi wa malasha udadetsa zonse mofanana. Adandionetsa ngalande yaikulu yokumba ndi manja, mmene kale munkadutsa maboti a katundu, ndi zinyumba za m'mbali mwake zosungiramo tirigu ndi shuga, zimene lero mumagona anthu a ndalama zawo. Adanditengeranso ku Gorbals kumene adabadwira. Nyumba ya makolo awo idagwetsedwa, pamalopo padamangidwa zina zazitali, nazonso zidagwetsedwa. Adaima pamsewu n'kuloza m'mwamba mopanda kanthu, ati khitchini ya amayi awo inali chapamenepo.

A Dougie anali ndi malamulo awiri: mwala wakale umapuma, uumate ndi laimu, simenti imautsamwitsa. Ndipo khoma lakale siligwetsedwa. Ine ndidazilandira zimenezo ngati mawu a m'Baibulo.

Lamulungu ndinkapita kutchalitchi kumene kunali Amalawi anzanga. Tinkapatsana moni mwaulemu wonse, ana awo n'kumatiyankha m'Chingelezi cha konko, kenako aliyense ulendo kushifiti yake. Ine ndinkayenda m'mbali mwa ngalande ija ndekha, kuyang'ana makoma, mpaka zala zitauma ndi mphepo. Ndalama ndinkatumiza mwezi uliwonse, zotsala pa lendi ndi moto. Pafoni amayi ankangofunsa ngati ndikudya. Abambo ankafunsa ngati azunguwo andiphunzitsa kale za mng'alu wawo uja.

Uthenga udandipeza ndili pamwamba pansanja, ndowa ya laimu kumanja. Anali mlongo wanga Tamandani. Abambo anali atatisiya m'mawa womwewo. Mapepala anga okhalira m'dzikomo anali asadatuluke, ndikadachoka sindikadaloledwa kulowanso. Maliro a bambo wondibereka ndidawaonera pafoni, nditakhala pamasitepe odyeka aja, mneba wina n'kundilambalala ndi galu wake.

Atameta maliro, abambo aang'ono adandiimbira. Adati chatsala n'kugwetsa nyumba ya malemu monga mwa mwambo wathu, kuti zonse zithe bwino. Mutu wanga udatentha.

“Musagwetse nyumba ya abambo. Musakhudze ngakhale njerwa imodzi mpaka nditabwera.”

Adati amva. Kwathu munthu wotumiza ndalama satsutsidwa pafoni. Amayi nawo adangoti chabwino, tidikira. Ine ndiye ndidachita kulimbikira: fundani pulasitiki pakona paja, chotsani chiswe, simenti musayerekeze. Ndikamamata makoma a eni ake ku Pollokshields ndinkaona khoma lathu lija m'maso. Mayankho a Tamandani adayamba kufupika, ine n'kumati kaya ndi mavuto a netiweki. Mvula idagwa, idatha, idagwanso.

Mapepala atatuluka ndidakwera ndege, chopalira laimu chili m'chikwama. Ndidapeza nyumba ili chilili, mng'alu uli pomwe paja. Koma chitseko chinali chokhoma, udzu utafika pakhonde, ndipo njira ya anthu idapatuka n'kumazungulira patali. Amayi adatulukira kuseri, m'kakhitchini ka udzu, atavalabe duku lakuda. Anali atatha thupi moti ndidachita mantha kuwagwira dzanja.

Tamandani adandikokera pansi pa mtengo wa mango ndipo sadandinyengerere. Adandikumbutsa kuti amayi adabwera pamudzipo mwa chitengwa, kwawo ndi ku Dedza. Nyumba ya mwamuna wawo ikadali chiimire, akuchimuna sangawasudzule, ndiye kuti maliro sadathe. M'nyumbamo sangagonemo, kwawo sangabwerere. Munda wawo ku Dedza ukulimidwa ndi ena. Zimenezi ndinkazidziwa kuyambira ndili mwana, koma m'mutu mwanga munali miyala ya ku Glasgow yokhayokha.

“Inu achimwene mumasunga khoma,” adatero. “Amayi amasunga maliro.”

Ndidakalowa m'kakhitchini kaja n'kukhala pansi. Ndidawafunsa amayi chifukwa chake sadandiuze, pomwe tinkalankhula sabata iliyonse. Adapitiriza kusenda mtedza osandiyang'ana.

“Unali wekha kunja kuja, mwanawe. Nyumbayi ndiyo inkakuitana. Ikadagwa, ukadabwera?”



Ndidapita kwa abambo aang'ono n'kuwauza kuti aitane adzukulu. Ndidapempha chimodzi chokha, kuti njerwa yoyamba ndichotse ndine. Ndidakwera pakona paja, ndidalowetsa chopalira chija mumng'alu wa abambo, njerwa idangosomphoka mosavuta ngati inkadikira. Adzukulu adamaliza zotsalazo dzuwa lisadapendeke, akuimba ndi kunyogodolana monga amachitira. Ndidalira pamaso pa anthu, osabisa. Ndidakumbukira a Dougie akuloza m'mwamba mopanda kanthu ku Gorbals.

Amayi adasudzulidwa sabata yomweyo. Ndidawaperekeza ku Dedza pa galimoto ya matola, katundu wawo yense atakwana m'matumba awiri ndi dengu. Achemwali awo adawalandira ndi nthungululu, adawavula duku lija n'kuwamanga lamaluwa. Madzulo ake ndidamva amayi akuseka kuseri kwa nkhokwe, kuseka kumene sindidakumvepo pafoni chifikireni ku Glasgow.

Tsiku lonyamuka, amayi adandiperekeza mpaka pamsewu. Ndidawauza kuti sindikudziwa kuti ndikamati kwathu ndizinena kuti tsopano. Adandikonza kolala ya malaya ngati mwana wopita kusukulu.

“Uzibwera kuno,” adatero. “Khoma lako kulibe. Kuli ine.”