Amaseka Atagwira M'mbali mwa Maso

Mayi oyandikana nafe nyumba analumbira kuti makwinya a m'mbali mwa maso sadzawapeza. Dzuwa likangotuluka amavala magalasi akuda, ndipo pogona amadzola mafuta ndi chala chimodzi, pang'onopang'ono ngati akusisita dzira. Kuseka sanasiye ayi, koma amayamba kaye akanikiza khungulo ndi zala kuti lisapindike. "Nkhope sagula kumsika," amatero.

Tsiku lina amuna awo anaterereka pakhonde n'kugwera m'beseni la zovala zonyika, miyendo m'mwamba. Mayiwo anali atanyamula mbale. Anaziika pansi bwinobwino, n'kugwira m'mbali mwa maso, kenako n'kufa nalo phwete.

"Tandidzutsani, inu!" anakuwa bambowo.

"Pirirani pang'ono, bambo," anayankha mayiwo misozi ili mbwembwembwe. "Manja onse ali pa ntchito."