Zenera Limene Ndinatsegula mu Laibulale

Anzanga, ine sukulu sindinapondeko. Ndikuyankhula, mwana wanga wamkazi akulemba, ndiye mundipirire.

Ndinakumana ndi mayi ena nyengo yotentha, mu laibulale ya pa yunivesite momwe ndasesa zaka makumi awiri. Ma AC, makina oziziritsa mpweya aja, anali atafa. Ophunzira ankangosinza pa mabuku, malaya atamatirira kumsana.

Iwo anali mayi wamasiye, omata mabuku ong'ambika m'kachipinda kam'mwamba. Ndinawapeza akudzikupiza ndi chikuto cha buku, thukuta lili kamukamu.

"Bambo a tsache, mwabwera kudzasesa kapena kudzanyamula mtembo?"

"Mtembo suyankhula chonchi, mayi."

Anaseka. Mtima wanga wokalambawu unadumpha!

Njira za mphepo m'nyumba imeneyo ndimazidziwa. Ukatsegula kazenera ka kuseri kwa shelefu ya mabuku akale, n'kutchinga chitseko cha kumasitepe ndi ndowa, kamphepo kamadutsa. Pagalasi panali kapepala komata, koma kwa ine zilembo ndi nyerere basi. Ndinatsegula.

"Eee! Mwandiukitsa, bambo..."

Kuyambira pamenepo ndinkawabweretsera madzi m'botolo lokulunga ndi nsanza yonyowa. Nthawi ya lunch ankandiwerengera mabuku amene akumata. Tsiku lina anandipatsira limodzi.

"Lero werengani ndinu."

Ndinalitembenuza bukulo m'manja. Kenako ndinawauza chimene ngakhale abwana sankadziwa.

"Ine sindidziwa kuwerenga."

"Maso angawa akwanira anthu awiri. Zatha pompano zimenezo."

Tinafika mpaka pokambirana zokauza ana athu za chikondi chathu.

Lachisanu lina ndinaiwala kutseka zenera lija. Loweruka mvula yoyamba inagwa, ya mphepo. Lolemba tinapeza mabuku akale atafufuma ngati buledi.

Abwana anatiitana tonse, alonda, ma librarian, osesa anzanga.

"Pazenerapo pali notice yoletsa kutsegula. Mwaiona, mwainyoza. Madala, ntchito yatha!"

Mayi aja anaimirira.

"Bwana, bambowa sadziwa kuwerenga. Amene anawerenga n'kukhala chete ndine. Mphepoyo ndinkaifuna."

Anthu anayang'ana pansi. Mlonda wina anatsokomola pobisa kuseka. Ine ndinalakalaka nthaka itang'ambika.

Ntchito yanga inapulumuka. Mayi aja anawasamutsira kunthambi ina ya laibulale, kutali.

Tsiku lonyamuka tinakumana pamasitepe, atanyamula katoni ya guluu ndi ulusi.

"Mwandivula pagulu, mayi."

"Ndimafuna musalandidwe tsache lanu, bambo. Ndikanatani?"

Ndinawadutsa ndi ndowa yanga. Anandiimbira foni milungu iwiri, ine kumangoiyang'ana ikulira. Kenako inasiya kulira...

Mwezi watha ndinatuma mwana wangayu kuti awaimbire. Nambala sikupezekanso.

Pano ma AC anawakonza. M'mwambamo mukuzizira moti ophunzira akuvala majuzi masana. Zenera lija analikhomera misomali. Ndikafika pamenepo ndimaima kaye, tsache lili m'manja, osadziwa chimene ndikudikira.

Anzanga, munthu akakuvulani malaya chifukwa agwira moto, musamukwiyire kuti anthu aona msana wanu. Ine ndinazimvetsa mochedwa, mwini wake atapita.