Tsiku limene ndinadikiritsa mwana dzuwa

Mwana wanga wamkazi ali chaka chachiwiri ku yunivesite, anagwidwa ndi misala ya kuno ku Scotland yokwera mapiri atamanga timatabwa tiwiri kumapazi, n'kutsetsereka nato pa chipale chofewa. Osati kumalo okonzedwa kuja kuli mipando yokweza anthu ayi, koma kutchire kwenikweni. Ine ndine namwino, miyendo yothyoka ndaiona yokwanira m'zipatala za Glasgow, choncho masewerawa ankandinyansa.

Lachisanu lina mu Epulo ndinamupeza m'khitchini mwathu ku Dennistoun akulongedza chikwama: fosholo, ndodo yopinda, ndi kachipangizo kolira ngati foni. Anati chipale chikagumuka n'kumukwirira, anzake amupeza ndi kachipangizoko n'kumufukula. Anazinena ngati akukamba za ambulera. Ndinamuuza kuti kwathu olawira ndi fosholo ndi adzukulu okakumba manda. Iye anangowonjeza kuti anzakewo adzamutenga folo koloko m'mawa.

Apo m'pamene ndinakanitsitsa. Munthu wanzeru amadikira dzuwa. Tonse tinakula tikuothera dzuwa kukhoma m'mwezi wa Juni tisanagwire ntchito iliyonse.

"Amayi, dzuwalo ndiye vuto," anatero m'Chichewa chake chopindika.

Sindinamvere. Ndinati ndikamutula ndekha pagalimoto kukayamba kufunda, apo ayi ulendo palibe.

Anzake anapita. Ife tinanyamuka eyiti koloko, mwana atamwa phala ndi kuvala majuzi awiri mokakamizidwa. Komanso munthu sapita koopsa chopanda pemphero, ndiye tinadzera ku Shawlands kwa mayi wina wamvano wa kumpingo kwathu. Mayiwo anapempherera mwanayo, timatabwa take, matayala a galimoto, ndi abale akumudzi mmodzimmodzi. Kenako anatereka tiyi, ndipo tiyi wa munthu wamkulu sakanidwa. Mwana ankangoyang'ana wotchi, ine ndikumutsina.

Tinafika patsinde pa phiri cha m'ma wani koloko. Dzuwa la ku Scotland siliswa mtengo, koma tsiku limenelo linayesetsa. Anzake aja anali atatsika kale, akuvula nsapato pamalo oimika magalimoto.

"Waonatu? Kwafunda. Kwera tsopano," ndinatero monyada.

Anapukusa mutu. Ndinapsa mtima. Ndayendetsa galimoto mtunda wonsewo, ndamwa makapu awiri a tiyi wosafuna, ndiye munthu azikana phiri limene dzulo ankalilirira? Ndinamuuzanso, ndi mawu aja amene mwana wa Mmalawi sayankha, anzake akumva.

Anatulutsa nsapato zake zamasewera n'kuyamba kumanga. Ali mkati anaima, natapa chipale m'dzanja n'kuchifinya. Madzi anachucha ngati akufinya nsalu yochapa. Anandifotokozera modekha kuti usiku chipale chimauma n'kugwira phiri, ndiye chifukwa chake amalawira. Dzuwa la miyezi ino likachiwomba chimanyowa, chimalemera, n'kusiya kugwira. Anandilozera kumtunda, kumene timipira ta chipale tinkagubuduka tokha popanda wotiponya.

"Mukandiuza kachitatu ndipita, poti ndinu amayi anga," anatero. "Koma chonde musandiuze."

Ndine wamakani, sindibisa. Ndinali nditatsegula kale pakamwa. Kenako kunamveka phokoso ngati lole ikukhuthula mchenga. Mbali yonse ya phiri yoyang'ana dzuwa inasuntha, ikutsika mosathamanga ngati phala lolimba, itanyamula miyala ndi dothi. Napolo weniweni, koma woyera. Anadutsa ndendende m'mizere imene anzake anasiya potsika m'mawa uja. Panalibe munthu.

Ndinangopezeka ndakhala pansi pamatope, chitenje changa chabwino chonyowa. Ndinachita mantha amene sindinawamvepo ngakhale ku wodi, chifukwa mawu achitatu aja anali akadali palilime. Mmodzi wa anzakewo anandipatsa tiyi wa m'fulasiki, ndipo ndinamwa kapu yachitatu osadandaula.

Lamulungu lake ndinapempha mayi wamvano uja kuti azipempherera kuzizira. Anandiyang'ana ngati ndayamba mowa, nati chiyambire kukhala ku Glasgow, Mmalawi wopempha zimenezo ndine woyamba.

Mpaka lero masewerawa sindiwakonda. Koma Epulo akafika ndimamudzutsa ndine, phala amadyera m'galimoto ya anzake. Akatsika masitepe ndi fosholo yake, ndimaima pawindo n'kupempha kuti dzuwa lichedwe.