Chiliza pa mtumbira wa mlendo

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene amalume anabwera kwathu ku Thambani kudzamanga chiliza cha agogo aakazi. Amalumewo anali meya kutauni, ife tinkangowamvera pa wailesi. Chaka chimenecho ankafuna kuimira uphungu wa Nyumba ya Malamulo kuno, ndiye anaikumbukira njira ya kwawo.

Pa maliro a agogo, zaka zisanu m'mbuyomo, iwo anafika bokosi likutsitsidwa, n'kubwerera tsiku lomwelo. Amene anadwazika agogo mpaka kuwatseka maso anali amayi anga, mlongo wa amalumewo.

Tsiku lomanga, amayi anandisenzetsa ndowa ya madzi. Ndinaima m'mphepete mwa manda poti ana salowa, koma ndinkaona zonse. Amalume anatsogola, nsapato zili mbuu ndi fumbi, amisiri ndi anthu a kampeni pambuyo. Analoza mtumbira wa patsinde pa msuku.

"Amayi agona apa. Ndingaiwale bwanji?"

Azimayi amene ndinaima nawo anayamba kunong'onezana: mtumbirawo unali wa mayi wina wa ku Mozambique, amene anathawa nkhondo n'kumwalirira kwathu wopanda mbale. Agogo anagona chakumunsi. Koma ndani akanawongola bwana pagulu? Maso onse anapita kwa amayi. Amayi anangowerama, n'kumakonza mpango. Makasu anayamba kulira.

Pobwerera ndinawafunsa, "Amayi, bwanji simunawauze?"

"Akanangoti, 'Achemwali, kodi ndi pati?' Basi. Ndikanawagwira dzanja."

Chiliza chinamangidwa, choyera bwino, dzina la agogo pamwamba. Amalume anapambana chisankho. Mwa apo ndi apo galimoto yawo inkaima pakhomo, n'kutsitsa shuga ndi sopo. Amayi ankalandira ndi manja awiri, akudikirabe funso lija. Amalume ankacheza za mijigo ndi milatho, n'kuyang'ana wotchi.

Anamwalira kutauni asanafunse, amayinso asananene. Uthenga utafika, amayi analira mpaka mawu kusasa.

"Ndawamana amayi awo achimwene. Ndawamana ine."

Kale ndinkati olakwa anali amalume okha. Pano ndili ndi ana awiri, ndipo ndikuona kuti kukhala chete nakonso kumapweteka mwini wake. Mchimwene wanga ali ku Joni, saimba foni, ngakhale mwana wanga atagonekedwa kuchipatala cha ku Boma sanafunse. Mtima umawawa ndithu. Koma mwezi ukatha ali duu, ndimagula mayunitsi, n'kuimba ine.